Ndinasochera ku Bulawayo

Ulendowu anauyambitsa ndi akazi anga. Linali Lamulungu masana, tili pakhonde la nyumba yathu ku bairo yathu, dera la 25 de Setembro ku Moatize, iwo akupukuta fumbi la malasha pamipando kachiwiri tsiku lomwelo. Ndinali nditangowauza kuti kumgodi andipatsa feriya, tchuthi cha mwezi wathunthu, ndipo ndinkayembekezera kuti anena zoti tikathandize ntchito zakumunda kwa apongozi ku Zobwe, monga tinkachitira chaka ndi chaka.

"Chaka chino tipite kumene kulibe mbale wathu," anatero.

"Kukatani?"

"Kukaona basi. Chikwatirane chathu, ife tikakwera galimoto ndiye kuti kwagwa maliro kapena wina ali m'chipatala. Ndikufuna ndikwereko basi popanda wondidikira kumene ndikupitako."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Malo ake anali atawasankha kale: mathithi aakulu a Zambezi, ku Zimbabwe. Anati anawaona pachithunzi m'buku la kusukulu ali mwana, ndipo kuyambira pamenepo nthawi zonse akawoloka mlatho wa ku Tete amayang'ana madziwo n'kumadzifunsa kuti kodi ndi omwewo.

Tonse awiri kwathu ndi ku Zobwe, koma nkhondo inatilera kosiyana. Ine ananditumiza ku Moatize kwa amalume amene ankagwira ntchito ya njanji, ndipo kumeneko ndinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi mpaka ndinadziwa umakaniko. Iwo anathawira ku Malawi ndi makolo awo, chakufupi ndi Mwanza, n'kubwerako mtendere utabwera. Pamene tinkakwatirana, Chipwitikizi chawo chinali cha pamsika, chokwanira kugulitsa tomato ndi kubweza chenji. Migodi itatsegulidwa mwamphamvu, Moatize n'kudzaza anthu ochokera kumadera onse, ine ndinapeza ntchito yokonza magalimoto akuluakulu onyamula malasha. Ndinayamba kuvala nsapato zachitsulo kutsogolo, ndipo ndinazolowera kukhala pakamwa pa banja lonse. Kuchipatala wofotokoza matenda awo ndinali ine. Kumsonkhano wa makolo kusukulu woyankha aphunzitsi ndinali ine. Iwo ankakhala pambali panga atagwira chikwama pamiyendo.

Tsiku lina ashefi, abwana anga a kuntchito, anatiitana kuphwando kunyumba kwawo. Akazi anga anayesa kuyamikira chakudya m'Chipwitikizi, n'kusokoneza liwu limodzi. Ine ndinawakonza pamaso pa anthu, mokweza, ndikuseka, ndipo anthu anaseka nane. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso nane kuphwando lililonse la kuntchito. Ine ndinkauza anzanga kuti mayi athu ndi amanyazi.

Abale sanaumvetse ulendowu. Alamu anga anafunsa katundu amene tikupita kukatenga, ndipo titawauza kuti palibe, anaganiza kuti tikuwabisira malonda. Achemwali anga anati ndalama za malasha zayamba kutizunguza mutu. Ana athu atatu tinawasiya ndi mng'ono wa akazi anga. Mapasaporte tinakatenga ku Tete, ndipo onse awiri ndinawaika m'thumba la malaya anga n'kumanga batani.

Tinanyamuka mwezi wa Meyi, mvula itatha. Tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu, mpaka ku Tete, kenako basi yaikulu yodzera ku Changara. Pamalire, mbali yathu ya Kuchamano, zonse zinayenda monga mwa masiku onse: ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Titawolokera ku Nyamapanda anatipatsa timapepala toti tilembe. Ndinatiyang'ana kwa nthawi yaitali. Mawu ena ankafanana ndi Chipwitikizi, ndipo ndinalemba mongoganizira. Mayi wa pawindo anayang'ana kapepala kanga, n'kundifunsa funso. Ndinamuyankha m'Chipwitikizi. Anafunsanso. Ndinayankhanso zomwezo, mokweza pang'ono. Anandibwezera kapepalako, ndipo amene anali kumbuyo kwathu pamzere anayamba kung'ung'udza.

Pamenepo akazi anga anasolola cholembera pakati pa zala zanga. Anapempha kapepala kena, n'kulemba kanga ndi kawo mosaima, atatsamira pakhoma. Kenako anapita pawindo n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Mawu oyamba anatuluka movutikira, koma otsatira anayenda bwino. Mayi uja ananena kanthu, onse awiri n'kuseka, chidindo n'kugwa kawiri.

"Amati chiyani?" ndinafunsa tikubwerera kubasi.

"Amafunsa chimene tikukachita m'dziko mwawo. Ndawauza kuti tikukaona madzi. Ndiye akuti kodi kwanu madzi anatha?"

Ndinkadziwa kuti anaphunzirako sukulu ku Malawi, koma ndinkadziwa monga mmene umadziwira kuti munthu anadwalapo chikuku ali mwana. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawamvepo akumaliza chiganizo chimodzi m'Chingerezi.

Ku Harare mtima wanga unakhalako pansi. Chishona sichitalikirana kwambiri ndi Chinyungwe chimene ndinakula nacho ku Moatize, choncho ndinkatha kufunsa njira, kugula chakudya ndi kukangana ndi makondakitala. Tinagona usiku umodzi, m'mawa mwake n'kukwera basi ya ku Bulawayo. Titatsika kumeneko madzulo, ndinayesa Chinyungwe changa kwa bambo wina wogulitsa nyuzipepala. Anandiyang'ana, n'kuyankha m'Chindebele, ndipo sindinatolemo ngakhale liwu limodzi.

Malo ogona anawapeza ndi akazi anga. Inali nyumba yakale ya zipinda zochepa, mwini wake mayi wina wachikulire wa imvi mutu wonse. Awiriwo analankhulana pakhomo kwa nthawi, ine nditaima kumbuyo ndi zikwama ziwiri ngati wonyamulira alendo katundu. Kiyi anapatsa akazi anga. Tili m'chipinda anandiuza dzina la nyumbayo ndi dzina la msewu, kawiri konse. Ine ndinali kumasula zingwe za nsapato, ndipo sindinamvere dala.

M'mawa kunazizira kuposa ku Zobwe m'mwezi wa Juni. Tikumwa tiyi, mwini nyumba anadzakhala nafe patebulo, ndipo macheza awo ndi akazi anga anatenga nthawi. Ndinkamva "Moatize", ndinkamva "Malawi", kwina ndinkangoona manja ndi mano. Nthawi ina onse awiri ananditembenukira, n'kumwetulira, n'kupitiriza. Mwina ankanena zabwino. Ine ndinaimirira.

"Ndikukaona tauni."

"Dikirani tipitire limodzi, abambo."

"Malizani macheza anu."

"Ndiye tengani kapepala aka, pali dzina la nyumba ino."

"Kodi ndine mwana?"

Ndinatuluka ndi malaya okha, juzi n'kuisiya pabedi.

Amene anafikako ku Bulawayo akudziwa mmene misewu yake ilili. Ndi yotakata, yowongoka, yodutsana ngati ulusi wa ukonde, ndipo uliwonse ukufanana ndi unzake. Ku Moatize munthu sasochera, chifukwa pali msewu waukulu ndi njanji, ndipo zonse zili mbali iyi kapena iyo. Ndinayenda mwachangu chifukwa cha mkwiyo ndi kuzizira. Ndinakhota pa sitolo ya nsapato, ndinakhotanso pa tchalitchi, ndinaima kwa kanthawi kuyang'ana anthu akukonza injini ya basi m'galaja ina. Pamene ndinati ndibwerere, ndinapeza sitolo ya nsapato, koma sinali ija. Ndinapeza tchalitchi, koma chitseko chake chinali chobiriwira. Foni yanga inali isanagwire netiweki chiwolokereni malire, inkangondiuza nthawi.

Ndinafunsa anthu atatu. Woyamba anapukusa mutu n'kupitirira. Wachiwiri anandilozera mbali ina osamva n'komwe funso langa. Wachitatu, bambo wovala tayi, ankadziwa Chishona ndipo anamva zimene ndinkanena. Anandifunsa dzina la nyumbayo. Sindinkalidziwa. Dzina la msewu? Sindinkalidziwa. Nambala ya foni ya kumeneko? Ndinangoti mwini wake ndi mayi wa imvi, ndipo pageti pali mtengo. Bamboyo anandimvera chisoni. Anayamba kundilankhula pang'onopang'ono, mokweza, akubwereza liwu lililonse, akutembenukira anthu odutsa ngati akuwapempha kuti amuthandize nane. Kalankhulidwe kameneko ndinakazindikira. Ndi mmene ine ndinkalankhulira ndi akazi anga pamaso pa adokotala.

Ndinamuthokoza n'kuchoka. Ndikuyenda chonchi ndinamva sitima ikulira patali, ndipo ndinatsata kulirako mpaka ndinafika pasiteshoni. Inali yaikulu, ya njerwa zofiira, anthu ochepa. Ndinakhala pabenchi pamene pankafika dzuwa. Ndinalibe nzeru ina iliyonse. Ndinayang'ana mabogi ataima, ndinawerenga matayala, ndinamvera fungo la girizi. Mapasaporte onse awiri anali m'thumba mwanga, ndipo ndinaganiza kuti ngati sindipezeka, akazi anga atsala m'dziko la eni opanda chikalata chilichonse. Manyazi anandigwira kuposa njala.

Dzuwa litapendeka pang'ono ndinaona munthu akubwera papulatifomu, atavala kapulana, chitenje cha kwathu, juzi yanga ili pamkono. Mwini nyumba uja anaima patali pafupi ndi khomo, akuyang'ana kumbali ngati sakutiona. Akazi anga anafika, n'kundipatsa juziyo, n'kukhala pabenchipo.

"Mwadya?"

"Ayi."

Anatulutsa mabanzi awiri m'chikwama. Ndinadya limodzi lonse ndisanalankhule.

"Munadziwa bwanji kuti ndili kuno?"

"Amayiwa amati tipite kupolisi. Ine ndinati tiyambe tafunsa kumene kuli njanji. Inu mtima ukakuwawani mumapita kunjanji. Tsiku limene anamwalira amalume anu munali kuti? Tsiku limene anakukanani ntchito koyamba kuja munali kuti? Mumati mukupita kwa anzanu, koma nsapato zimabwera ndi girizi."

Sindinadziwe kuti amadziwa. Kunena zoona, ine ndemwe ndinali ndisanazindikire kuti ndimachita zimenezo. Ndinamasula batani la thumba, n'kutulutsa mapasaporte, n'kuwapatsa. Anawaika m'chikwama.

Tsiku lotsatira tinakwera basi ya kumathithi. Msewu wake ndi wautali, wodutsa m'nkhalango ya mitengo italiitali, midzi ili patalipatali. Anthu ambiri m'basimo anagona. Ine ndinali ndi funso limene ndinkalisunga kuyambira ku Nyamapanda.

"Amayi, Chingerezi chonsechi munkachisunga kuti?"

Anayang'ana pawindo kaye, kenako anayamba kufotokoza. Atafika ku Malawi anayamba sukulu pansi pa mtengo, pamodzi ndi ana ena othawa nkhondo. Kenako anamanga makalasi a udzu. Kunali mphunzitsi wina wamkazi, wamfupi, amene ankawabwereka mabuku ake kuti akawerengere kunyumba, bola awakutire m'pepala la pulasitiki. Anafika sitandade eyiti, analemba mayeso, anakhoza, ndipo uthenga unabwera woti apatsidwa malo kusekondale. Nyengo yomweyo n'kuti malole obweza anthu kwawo atayamba kubwera. Bambo awo anati akachedwa apeza minda atalanda ena. Mphunzitsi uja anabwera kudzapempha kuti mwanayo atsale naye, koma mayi awo anakana, chifukwa anali atataya kale ana awiri panjira yothawa ndipo sankafuna kusiyanso wina.

"Titafika ku Zobwe ndinapita kusukulu ndi kalata yanga. Anaiyang'ana, n'kundifunsa mafunso m'Chipwitikizi. Sindinayankhe. Anati ndiyambire kalasi ya ana aang'ono. Ine ndinali namwali kale, abambo. Ndinakhala pansi ndi tiana tosapukuta mamina mlungu umodzi, n'kusiya."

"Nanga osaiwala zaka zonsezi?"

"Inu mukapita kuntchito ndimatsegula wailesi ya ku Malawi. Ndimawerenga zolemba za pamatumba ndi pamabotolo a mankhwala. Mabuku a makina a m'Chingerezi aja mumabwera nawo kunyumba, inu mumangoona zithunzi. Ine ndimawawerenga."

"Mumamva zimene akunena?"

"Zina. Ndikudziwa kuti mafuta a m'giya la galimoto lanu lalikulu lija sasinthidwa injini ikadali yotentha kwambiri."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa?"

Sananene mokwiya. Ananena ngati akundikumbutsa kuti ndaiwala chipewa. Mtunda wautali ndinkawerenga mumtima zinthu zimene ndinkadziwa za munthu amene ndinabereka naye ana atatu. Ndinkadziwa kuti sadya nyama ya mbuzi, kuti amaopa ng'ona, kuti amaimba akamachapa. Za ana awiri amene anatsala panjira ndinazimvapo kamodzi pamaliro, kwa munthu wina.

Tisanafike ku Hwange ndinamva fungo limene ndimalidziwa. Kenako masamba a mitengo ya m'mbali mwa msewu anayamba kuda, malole a malasha n'kumadutsana nafe atakutidwa malona. Tinaona milu yakuda, nyumba za kampani zofanana zondandalikana, utoto utasuluka, ndi amayi akuyanika zovala zimene ndinkadziwa kuti pozianula zikhala zitada kale. Migodi ya kumeneko ndi yakale kwambiri kuposa yathu. Ndinaona bambo wina wokalamba atakhala pakhonde, atavala jekete la kumgodi long'ambika m'zigongono, ndipo ndinamuyang'ana mpaka basi inakhota.

"Tayenda masiku onsewa kudzapeza kwathu," anatero akazi anga.

Mathithiwo tinawamva tisanawaone. Tinapita m'mawa mwake, titagona m'kanyumba ka alendo kumapeto kwa tauni. Pageti anthu ankabwereketsa majasi a mvula, ndipo ine ndinati sitikuwafuna chifukwa kumwamba kulibe mtambo. Akazi anga anandiyang'ana, koma anandisiya. Titayenda pang'ono m'kanjira ka m'mitengo, madzi anayamba kutigwera kuchokera kumwamba, kenako kuchokera kumbali, kenako kuchokera pansi. Tinanyowa mpaka zovala zamkati. Nthawi zambiri kutsogolo kunkangooneka utsi woyera. Mphepo ikaukankha, tinkaona mtsinje wonse ukugwera m'phompho, kenako utsi n'kutsekanso. Ine ndinazolowera Zambezi wa ku Tete, woyenda mwaulesi, wa amayi ochapa m'mphepete ndi mabwato a asodzi. Uyu ankagwedeza nthaka pansi pa mapazi.

Kulankhula kunali kosatheka chifukwa cha mkokomo. Akazi anga anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Pamalo ena poterera anandigwira mkono, ndipo titadutsapo sanausiye. Kwathu sitinayendepo choncho pamaso pa anthu. Anaima nthawi yaitali pamalo amodzi, madzi akuyenderera kumaso kwawo, ndipo sindinathe kudziwa ngati onsewo anali a mtsinje.

Titatuluka m'kanjirako tinakhala padzuwa kuti tiume. Anyani ankayendayenda pafupi, akuyang'ana chikwama chathu.

"Tsiku lija kwa ashefi," ndinayamba.

"Ndikulikumbuka."

"Ndinalakwa."

"Munalakwadi."

Ndinadikira kuti awonjezere, koma anali kufinya m'mphepete mwa kapulana. Patapita kanthawi anati milomo yanga yachita kuyera ndi kuzizira, tipite tikapeze tiyi.

Tinabwerera njira yomweyo, ndipo ku Bulawayo tinagonanso kwa mayi wa imvi uja, amene anandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Kunyumba ana anafunsa zimene tawabweretsera, alamu anayang'ana zikwama zathu n'kukhulupirira tsopano kuti tinapitadi chabe.

Sindinganene kuti ndinasintha tsiku limodzi. Chizolowezi cha zaka zambiri sichichoka ndi ulendo wa milungu iwiri. Patapita miyezi ingapo tinapita kuchipatala chifukwa cha ululu umene unkawavutitsa kuyambira pamene anabereka mwana womaliza. Adokotala atafunsa, ine ndinatsegula pakamwa monga kale. Akazi anga anandigwira bondo. Anafotokoza okha, m'Chipwitikizi chawo chodukaduka, akuloza ndi chala pamene liwu lasowa. Adokotala anamvetsera, anafunsanso, n'kuwauza kuti agone pabedi awapime. Zinapezeka kuti vuto linali m'chiuno, pamfundo ya mwendo wakumanzere. Ine zaka zonsezo ndinkauza madokotala kuti ndi msana, ndipo ankawapatsa mankhwala a msana.

Ntchito ya kumgodi inatha patapita zaka zingapo, nthawi imene anachepetsa anthu. Nyumba ya ku Moatize tinaikamo alendi, ife n'kubwerera ku Zobwe. Tsopano ndili ndi kagalaja pafupi ndi msewu wa kumalire, kumene malole amaima pamzere kudikira mapepala. Akazi anga ali ndi malo ophikira chakudya pafupi pomwepo. Madalaivala a ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Joni amadya kwa iwo, ndipo akakhala ndi vuto la galimoto amawafotokozera iwo, iwo n'kundiitana n'kundimasulira. Nthawi zina amandiuziratu chimene chawonongeka ndisanatsegule boneti, ndipo si nthawi zonse pamene amalakwa.

Kuchokera nthawi imeneyo tayendanso kamodzi kokha, ku Chipata, masiku anayi. Mwendo wawo sulola kukhala m'basi nthawi yaitali. Komabe chaka chatha dalaivala wina wa ku Tanzania anawafotokozera za Dar es Salaam, za nyanja yamchere ndi ngalawa za matanga, ndipo kuyambira pamenepo nkhani yake sikutha pakhomo pathu. Ndinawauza kuti kumeneko amalankhula Chiswahili, chimene ine sindichidziwa, iwonso sachidziwa.

"N'chifukwa chake ndikufuna kumeneko," anatero. "Tikasowe tonse."

Dalaivala uja anawalembera mawu a Chiswahili khumi ndi awiri kuseri kwa katoni ya sopo. Katoniyo anaikhomera pakhoma pafupi ndi mbaula, ndipo m'mawa uliwonse ndikabwera kudzatenga tiyi amandifunsa liwu limodzi. Ndafika pa lachisanu ndi chiwiri.